Cimene Ciletsa Mnofu Kukula: Mbiri ya Ng'ombe, Mbewa ndi Mtima wa Munthu

Munthu woyenda pa mseu waukuru wa kum'mawa, pakati pa Sinda ndi Katete, m'masiku a mvula yoyamba, amaona ng'ombe ziwiriziwiri m'goli zirikutembenuza nthaka ya cimanga, nsawa ndi thonje. Akapitirira kufika ku Vubwi, kumalire a dziko, apezanso ng'ombe zomwezo: zocepa thupi, za nyanga zazifupi, za linunda pamsana. Mbusa ali yense adziwa kuti ng'ombe yotere, ingakhale idye msipu wabwino caka conse, imafika pa msinkhu wina ndi kulekeza pomwepo. Idzanenepa ndithu, koma siidzasanduka njobvu. Nanga cimene cimauza mnofu kuti, Basi, wakwana, ndi ciani?

Funso limeneli linayankhidwa m'caka ca 1997, ndipo yankho lace linatsogolera madotolo ku cinthu cimene sanaciyembekeze, ndico nthenda ya mtima. Nkhani ya lero ilondola mbiri imeneyi kuyambira pa ciyambi cace, pakuti ikhudza mlimi wosankha nkhunzi ya m'khola lace, ndiponso banja limene liri ndi mbale woonda manja koma wotupa miyendo.

Ng'ombe za Angoni

Mu November 1835, tsiku limene dzuwa linada usana, Zwangendaba anaoloka Zambezi ndi anthu ace kufupi ndi Zumbo. Anayenda zaka zambiri kunka kumpoto kufikira dziko la Ufipa, kum'mawa kwa nyanja ya Tanganyika, kumene mfumuyo inamwalira. Pambuyo pace mwana wace Mpezeni anabwerera kumwera ndi gulu lace, nakhazikika m'dziko lozinga malo amene pali Chipata lero. Pa ulendo wonsewo Angoni anali kusonkhanitsa ng'ombe za mitundu ya anthu imene anakomana nayo, ndipo mwa izo munaturuka mtundu umene akatswiri a ziweto autcha Angoni kufikira lero lino, wa m'banja la ng'ombe za linunda zotchedwa zebu.

Mu January 1898 asilikari a Angerezi anagonjetsa Angoni a Mpezeni, nalanda ng'ombe zikwi zambiri, koma mbeu yace siinathe. Zotsala zinaswana, ndipo zinafalikira m'midzi ya Acewa ndi Ansenga, makamaka itatha nkhondo yaciwiri ya dziko lonse, pamene Boma linayamba kulimbikitsa alimi a ku Katete ndi madera ena kulima ndi pulawo.

Ng'ombe zimenezi palibe munthu anazisankha cifukwa ca kucuruka kwa nyama. Zinasankhidwa ndi ulendo wautali, cilala ndi nkhupakupa. Yolephera kuyenda inatsala m'njira, yolephera kubala yokha inafa pamodzi ndi mwana wace. Kotero inatsala ng'ombe imene mnofu wace ulingana ndi mtima wace ndi mapapo ace, yokhoza kukoka ngolo pa dzuwa la October ndi kubwerera kukhola ndi miyendo yace.

Ng'ombe za ku Belgium

Ku Ulaya mbiri inayenda njira yina. M'caka ca 1807 mlimi wa ku England, dzina lace George Culley, analemba za ng'ombe zina zobadwa ndi mnofu wocuruka modabwitsa, makamaka m'matako ndi m'mapewa, monga ngati mnofu uli wonse unaikidwa kawiri. Kwa zaka zambiri alimi anaziopa ng'ombe zotere, cifukwa ana ace anali akuru kopambana, ndipo ng'ombe zazikazi zinali kufa pobala.

Zinthu zinasintha itatha nkhondo yaciwiri. Mathirakitala analowa m'malo mwa ng'ombe zolima, ogula nyama anayamba kufuna nyama yopanda mafuta, ndipo madotolo a ziweto anaphunzira kung'amba mimba ya ng'ombe ndi kuturutsa mwana wamoyo. Pamenepo alimi a ku Belgium, m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960, anayamba kusankha dala ng'ombe za mnofu wowirikiza ndi kuzikweretsa zokhazokha. Mtundu umene unaturuka ndiwo wotchedwa Belgian Blue. Nkhunzi yace imapitirira makilogalamu 1,000, ndiko kunena kuti imodzi ilemera monga nkhunzi ziwiri za m'midzi ya ku Sinda, kapena kuposa.

Koma akuru anati, walira mvula walira matope. Ana ambiri a mtundu umenewu amabadwa ndi mpeni wa dotolo. Ndipo pamene anthu ophunzira anayesa ziwalo za m'kati, anapeza kuti mtima ndi mapapo a ng'ombe zimenezi ndi zocepa pozilinganiza ndi kukula kwa thupi. Cifukwa cace zimatopa msanga, zimasauka ndi kutentha, ndipo ana ace amagwidwa kawirikawiri ndi nthenda za m'cifuwa. Apa ndi pamene panaoneka koyamba kuti nkhani ya mnofu ndi nkhani ya mtima ziri pa cingwe cimodzi, cinkana panalibe munthu wodziwa cifukwa cace.

Malamulo a cibadwa

Kuti omvera amvetse cimene cinapezeka pambuyo pace, kuyenera kubwerera m'mbuyo pang'ono. M'caka ca 1866 wansembe wina wa ku Brno, Gregor Mendel, anafalitsa zimene anaona pobzala nsawawa zaka zambiri m'dimba la nyumba ya ansembe. Anaonetsa kuti camoyo ciri conse cimalandira maonekedwe ace awiriawiri, kumodzi kwa atate, kwina kwa amai, ndi kuti khalidwe lina likhoza kubisala mwa makolo ndi kudzaonekera mwa mwana. Acewa adziwa bwino zimenezi pamene aona mdzukulu wotenga mphuno ya ambuye ace.

M'caka ca 1953, ku Cambridge, James Watson ndi Francis Crick analongosola mapangidwe a ulusi wosaoneka ndi maso, wotchedwa DNA, umene uli m'kati mwa tizigawo tating'ono ta thupi. Pa ulusi umenewu palembedwa malamulo a cibadwa ndi zilembo zinai zokha zobwerezabwereza. Lamulo limodzi lotere Azungu alitcha gene, ndipo munthu ali nao malamulo ngati 20,000. Lina lilamulira mtundu wa mwazi, lina maonekedwe a khungu, lina kagayidwe ka cakudya. Cilembo cimodzi cikalakwika kapena kusowa, lamulo lonse likhoza kufa.

Mbewa za ku Baltimore

Ku Yunivesite ya Johns Hopkins, mu mzinda wa Baltimore ku America, Se-Jin Lee ndi wophunzira wace Alexandra McPherron anapeza lamulo lina limene limagwira nchito makamaka m'minofu. Pofuna kudziwa nchito yace, analicotsa mwa mbewa zoweta, zimene ophunzira amayeserapo nzeru zao. Mbewazo zinabadwa, zinakula, ndipo minofu yace inalemera kawiri kapena katatu kuposa ya zinzace. Anafalitsa zimenezi m'caka ca 1997, ndipo cinthu cimene lamulolo limapanga anacitcha myostatin, kucokera ku mau awiri a Cigriki otanthauza mnofu ndi kuimitsa.

Kagwiridwe kace ka nchito kali motere. Mnofu womwewo ndiwo upanga myostatin, ndi kuithira m'mwazi. Mnofu ukacuruka, myostatin icurukanso, ndipo ibwerera kukauza mnofu kuti uleke kukula. Iri ngati buleki ya njinga yotsika phiri itasenza matumba a makala: siiyendetsa njinga, koma popanda iyo wokwerayo sakafika kumsika.

Caka comweco ca 1997, magulu atatu a akatswiri, la ku Liège m'dziko la Belgium, la ku New Zealand, ndi la ku Baltimore lomwelo, anayang'ana lamulo limeneli mwa ng'ombe za Belgian Blue. Onse anapeza cinthu cimodzi: pa lamulolo pasowa zilembo 11, ndipo buleki ndi yakufa. Ng'ombe za ku Italy zotchedwa Piedmontese zinapezeka ndi cilembo cimodzi cokha colakwika pa lamulo lomwelo. Cinsinsi cimene Culley anaciona zaka 190 m'mbuyomo cinaululika. Pambuyo pace cilema ca lamulo lomweli cinapezekanso mwa nkhosa za Texel mu 2006, ndi mwa agaru othamanga otchedwa whippet mu 2007. Pa agaruwo panaoneka phunziro lokoma: garu wolandira lamulo lakufa kwa kholo limodzi amathamanga kopambana, koma wolandira kwa makolo onse awiri amatupa minofu, ndipo sakhala wa liwiro.

Mwana wa ku Berlin

Panatsala funso lakuti, kodi munthunso ali nayo buleki imeneyi? M'caka ca 2004 dotolo wa ana wa ku Berlin, Markus Schuelke, ndi anzace analemba za mnyamata amene anabadwa ndi minofu yotukuka m'ncafu ndi m'mikono. Amai ace anali katswiri wa mpikisano wothamanga, ndipo m'banja lao munali anthu odziwika ndi mphamvu. Atayesa mwazi, anapeza kuti mwanayo analandira lamulo lakufa mbali zonse ziwiri, ndipo myostatin munalibe m'mwazi mwace. Asanakwane zaka zisanu anali kugwira zitsulo za makilogalamu 3 ku dzanja liri lonse, mikono itatambasuka.

Anthu ambiri anazizwa ndi mphamvu za mwanayo, koma madotolo ace anali kuyang'anira cina. Anali kupima mtima wace nthawi ndi nthawi, ndipo pa nthawi imene analemba anaupeza uli bwino. Nkhawa yao inali ndi cifukwa, pakuti mtima nawo ndi mnofu.

Mtima wolefuka

Pa Cinyanja mtima ndiwo nyumba ya cikondi, mantha ndi cifundo. Munthu amakhala wokoma mtima kapena wouma mtima. Koma m'caka ca 1628 William Harvey wa ku England anaonetsa kuti nchito ya ciwalo cimeneci ndiyo kupopa mwazi kuti uzungulire thupi lonse. Ndi mnofu wa ukulu wa nkhonya ya mwini wace, umene umagunda ngati ka 100,000 pa tsiku, osapumula kuyambira m'mimba kufikira kumanda.

Mtima ukalefuka, mwazi suyenda bwino, ndipo madzi amaunjikana m'thupi. Mapazi ndi miyendo zimatupa, mimba imakula, wodwala amapuma mobanika pokwera kamtunda kakang'ono, ndipo usiku sakhoza kugona cagada koma atatsamira. Ndipo pa odwala ena pamaoneka cinthu cina codabwitsa: pamene miyendo irikutupa, mapewa, mikono ndi ncafu zirikuonda, ngakhale munthuyo alikudya. Asing'anga a ku Greece wakale anaciona kale cizindikiro cimeneci. M'caka ca 1997, comwe cija ca mbewa za ku Baltimore, Stefan Anker ndi anzace ku London anawerenga odwala mtima, napeza kuti mwa iwo amene anayamba kuonda motero, theka anamwalira isanathe miyezi 18. Kuonda kumeneku ndiye kuti ndi mthenga woipa. Koma nanga mtima wodwala umadya bwanji mnofu wa pa mkono?

Mu 1999 akatswiri a ku New Zealand anapeza kuti mnofu wa mtima nawonso umapanga myostatin, ndi kuti mwa nkhosa zimene mbali ya mtima wao inafa cifukwa ca kutsekeka kwa mtsempha, myostatin inacuruka m'mphepete mwa bala. Mu 2010 madotolo a ku New York anapeza kuti iri yocuruka m'mitima ya anthu olefuka mtima kwambiri. Caka comweco Joerg Heineke ndi Jeffery Molkentin, ku Cincinnati, anacita ciyeso comveka bwino. Anatenga mbewa zolefuka mtima, napeza myostatin yocuruka m'mwazi mwao, ndipo miyendo yao inaonda. Atacotsa lamulo la myostatin mu mtima mokha, kusiya minofu yina iri cikhalire, mbewazo zinadwalabe mtima koma miyendo siinaonde. Kotero kunaoneka kuti, mwa mbewa, mtima wosauka ndiwo utumiza mau m'mwazi kukagwira buleki ya thupi lonse. Ena aganiza kuti mtima ucita ici pofuna kudzicepetsera katundu, monga mwini ngolo amatsitsa matumba ng'ombe zikatopa. Koma katundu akatsitsidwa wonse, munthu alibenso mphamvu ya kuima.

Pamenepo anthu ambiri anati, Tsono ticotse buleki imeneyi, odwala acire. Koma mu 2014 akatswiri a ku Bad Nauheim, m'dziko la Germany, anacotsa lamulolo m'mitima ya mbewa zazikuru zimene zinali zamoyo bwino. Mitima yao inakula mopitirira, inalefuka, ndipo zina zinafa. Anapezanso kuti myostatin ikacuruka nthawi yaitali, mnofu wa mtima umauma ndi zipsera. Buleki ikagwira kopambana, munthu aonda; ikasowa mu mtima, mtima udzipweteka wokha. Cofunika ndi muyeso.

Mankhwala amene anayesedwa

Makampani a mankhwala anathamangira kupanga jekeseni woletsa myostatin, poyamba cifukwa ca anthu obadwa ndi nthenda yofoola minofu. Kampani ya Wyeth inayesa mankhwala ace pa anthu akuru, ndipo zoturuka zace, zofalitsidwa mu 2008, sizinaonetse kuti mphamvu zao zinaonjezeka. Kampani ya Pfizer inayesa ena pa anyamata odwala nthenda ya Duchenne, ndipo inaleka mu 2018 cifukwa sanathandize. Mu 2024 mankhwala ena a mtundu umenewu anaonetsa thandizo pa ana odwala nthenda yina ya mitsempha ya msana yofooketsa minofu. Koma jekeseni wobwezera mnofu kwa munthu wolefuka mtima sanalowe m'zipatala. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere: mnofu waukuru si ndiwo mphamvu nthawi zonse, ndipo cimene cicitika mwa mbewa sicifulumira kucitika mwa munthu.

Cinthu cimodzi cimene cinaoneka cothandiza ndi copanda mtengo. Mu 2012 madotolo a ku Leipzig anaonetsa kuti odwala mtima amene analimbitsa thupi pang'onopang'ono kwa masabata 12, moyang'aniridwa ndi dotolo, myostatin ya m'minofu yao inatsika.

Tanthauzo lace ku Katete, Sinda ndi Vubwi

Makolo a Acewa anali kudziwa nthenda ya kutupa miyendo, kutsokomola ndi kuonda, ndipo kawirikawiri anaitcha mdulo kapena tsempho, nati idza pamene wina walakwira mwambo wa m'banja, makamaka pa kuthira mcere m'ndiwo. Maso ao anaona zoona, pakuti kutupa ndi kuonda zimayendadi pamodzi. Ndipo madotolo nawonso amaletsa wodwala mtima kudya mcere wambiri, cifukwa mcere umasunga madzi m'thupi. Koma banja likakhala masabata ambiri lirikufunafuna amene analakwa, mtima wa wodwala ulikunka nulefuka.

Zimene zimalefula mitima m'maiko a Africa zidziwika. Mu 2012 Albertino Damasceno wa ku Maputo ndi anzace anafalitsa zimene anapeza pa odwala opitirira 1,000 m'maiko 9 a kumwera kwa cipululu ca Sahara. Zifukwa zazikuru zinali kuthamanga kwa mwazi, nthenda ya mnofu weniweni wa mtima, ndi kuonongeka kwa zitseko za mtima kumene kumayamba ndi zilonda za pakhosi pa ubwana. Odwalawo, powerenga pakatikati, anali a zaka 52, ndiwo anthu amene ali ndi minda yolima ndi ana a pa sukulu. Palibe mwa zifukwa zimenezi cimene cifuna kudikira mankhwala a myostatin. Kuthamanga kwa mwazi kumapimidwa pa kiliniki m'kamphindi kocepa, ndipo mapiritsi ace alipo. Mwana wa zilonda za pakhosi ndi malungo akalandira penisilini msanga, zitseko za mtima wace zimapulumuka. Mai wotupa miyendo ndi kubanika m'miyezi yotsatana ndi kubala ayenera kuonedwa ndi dotolo mosacedwa, pakuti iripo nthenda ya mtima imene imagwira pa nthawi imeneyo.

Zipatala ziripo. Ca St Francis ku Katete cinayambidwa ndi a mpingo wa Anglican m'caka ca 1948, ndipo tsopano aciyendetsa pamodzi ndi Akatolika. Ku Sinda kuli cipatala ca mishoni ca Nyanje. Sinda ndi Vubwi anakhala maboma paokha m'caka ca 2012, ndipo odwala ofuna opareshoni ya mtima amatumizidwa ku Lusaka. Kuonda kuli ndi zifukwa zambiri, monga cifuwa cacikuru, HIV, nthenda ya shuga ndi khansa, ndipo wokhoza kuzisiyanitsa ndi dotolo yekha, ndi zipangizo zace. Koma munthu woonda kumtunda ndi kutupa kumunsi asanyengedwe ndi sikelo, pakuti madzi a m'miyendo amabisa mnofu umene watha. Zengerezu adalinda kwaukwau.

Kwa mlimi nayenso mbiri iyi iri ndi mau. Ndi cinthu cokondweretsa kuti akatswiri a ziweto a ku Belgium, dziko lomwe lija la ng'ombe zazikuru, anagwira nchito zaka zambiri m'cigawo ca kum'mawa kuyambira m'zaka za m'ma 1980, pamodzi ndi anzao a m'Zambia. Nchito yao inali kuteteza ng'ombe za m'midzi ku nthenda ya nkhupakupa yotchedwa East Coast fever, imene imapha ana a ng'ombe ambiri. Katemera amene anagwiritsa nchito anapangidwa ndi kacirombo kotengedwa m'dziko lomwelo, ndipo m'mabuku a madotolo a ziweto kacirombo kameneko katchedwa Katete kufikira lero.

Mlimi akaona cithunzi ca nkhunzi ya ku Ulaya yotupa minofu, mtima wace ukhoza kukhumbira, ndipo kukweretsa mitundu kuli ndi malo ace pamene pali cakudya cokwanira, dibi ndi dotolo wa ziweto pafupi. Koma ayambe wafunsa mafunso atatu: kodi ng'ombe yaikazi idzabala yokha usiku m'khola la kutali ndi Boma, kodi mwana wace adzapirira nkhupakupa, ndipo kodi adzakoka pulawo kufikira dzuwa litafika pamutu? Ng'ombe ya Angoni yayankha mafunso amenewa zaka zoposa 150, ndi thupi lace locepa ndi buleki yace yamoyo. Ndi cuma coyenera kusungidwa, kuti mbeu yace ingatayike mwa kusakaniza kosalingalira.